Duku Loyera pa Mpando wa Kutsogolo

Ulemu wobwera mwadzidzidzi muziuopa. Munthu akakugwirani padzanja n'kunena kuti, "Bwerani kutsogolo kuno, kumbuyoko si malo anu," muyambe mwacheuka, muone chimene mukusiya pampando mwanyamukapo.

Kuseri kwa msika, moyang'anizana ndi sitolo ya matayala, kuli holo ya masewero ya mipando mazana atatu. M'holo imeneyi munkagwira ntchito bambo wina ndi akazi awo. Bamboyo onse ankawaitana kuti a Makutu, chifukwa pa unyamata wawo ankatha kuima pakhomo, oimba ali kutali kusiteji, n'kunena kuti waya wachitatu wa gitala wakhwefuka, ndipo anthu akapita kukaona ankapezadi zili choncho. Malo awo anali kumbuyo kwenikweni, pakansanja ka masitepe anayi, pomwe panali gome lodzaza timabatani tokankha ndi timagetsi tothwanima. Mawu onse a pasiteji, a anthu ndi a zoimbira, ankayamba adutsa pagome limenelo asanatulukire m'masipika. Akazi awo ankachapa ndi kusita zovala za osewera m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa siteji, ndiye osewerawo anangowapatsa dzina loti Anasimbi, iwo n'kulivomera.

Chimene awiriwa ankabisa n'chakuti makutu aja anali atatha. Zaka makumi awiri ndi zisanu zoima pafupi ndi masipika si masewera, ndipo inu amene mumayenda tsiku lonse mutatseka makutu ndi timawaya mudzaziona. Zinayamba ngati nyenje yolira m'mutu osaleka. Kenako mbalame za m'mawa zinatonthola. Kenako ana a nyumba yoyandikana anasiya kusokosa, a Makutu mpaka kuyamikira kuti ana aja tsopano akuleredwa bwino. Pomaliza anapita ndi mawu a akazi. Zinatsala ndi ng'oma, gitala wamkulu wolira pansi uja, ndi mawu a amuna ena a besi, zinthu zimene munthu amazimvera m'chifuwa. Polankhula ndi anthu ankayang'ana milomo, n'kumagwedeza mutu, n'kumaseka ena akaseka.

Anasimbi ndi amene anawagwira. Tsiku lina ketulo inaliza mluzu mpaka madzi kuphwa, amuna awo ali khale pambali pake akumanga nsapato.

"Bambo, kuyambira liti?" anafunsa, ataima patsogolo pawo kuti awaone pakamwa.

"Chaka chachiwiri chino."

"Nanga kuntchito mukutani?"

"Timagetsi timandiuza kuti mawu afika pagome. Koma kuti amupeza bwanji munthu amene wakhala pampando, sitinena."

A Makutu anawafotokozera kuti holo yopanda anthu ndi holo yodzaza si imodzi. Matupi ndi zovala zimamwa mawu ngati thonje, ndipo woimba ng'oma akaona anthu manja amamulemera. Zimene mwakonza poyeserera m'mawa, masana zasintha, ndiye pamafunika khutu. Tsiku lina holo ili pululu anawatenga akazi awo n'kukawakhazika mzere wa khumi ndi chiwiri, mpando wa m'mphepete mwa kanjira.

"Apa ndiye pali khutu la holo," anatero. "Zikamveka bwino apa, zamveka kwa onse. Osasuntha."

Anapangana kuti Anasimbi azivala duku loyera, loti lizioneka magetsi akazima. Akagwira khutu lamanja, ndiye kuti kwezani woimba. Akakoka nsonga ya duku, mutsitseni. Akagwira khutu lamanzere, zoimbira zanyanya. Akaika dzanja kumbuyo kwa khosi, zonse zili bwino, musakhudze kanthu.

Zinayenda choncho zaka zitatu. Akamaliza kusita ankazimitsa simbi, kuzula pulagi, kubwereranso kukaona ngati azuladi, kenako kumanga duku n'kukakhala pampando wawo. Mayi wa matikiti ankawasungira mpandowo poganiza kuti n'chikondi cha masewero. Osewera ankaseka kuti Anasimbi nsabwe zawalowerera, dzanja silichoka kumutu. Iwo ankangoti, "Zikachuluka ndidzakugawirani." Ndipo anthu potuluka ankati holo iyi mawu ake ndi oyera, a Makutu ndi a Makutudi.

Panyumba anatsala ndi mwana mmodzi, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, yemwe aliyense ankangomuti Mzime poti ndiye womaliza. Nayenso anali m'sewero, m'gulu la kumbuyo lija limangovomera nyimbo. Mawu ake sanali aakulu. Anali ofewa, oyera, a mtundu uja umakupangitsa kusiya chimene ukuchita osadziwa kuti wasiya. Ankadziwa kuti bambo ake khutu lalemera pang'ono monga achitira achikulire, koma kuposa apo sanauzidwe.

Sewero la chaka chimenecho linali la nyimbo lokhalokha, lonena za mkazi amene mwamuna wake anakwera sitima kukafuna ntchito, iye n'kumapita kusiteshoni tsiku ndi tsiku kukamudikira pabenchi. Woimba amene ankatenga mbali ya mkaziyo anali ndi pakati potopa, diresi losewerera linali litakana kutseka. Mkulu wa sewero anaitana atsikana awiri: Mzime, ndi wina wamtali yemwe anzake ankamutcha Lipenga chifukwa akaimba ankamveka mpaka kumatayala.

"Mzime Loweruka masana, Lipenga Lamlungu masana," anatero. "Sindisankha ine. Ndidzaima pakhomo anthu akamatuluka, n'kumamvetsera. Amene atuluke naye pakamwa, malo ndi ake."

Sabata yonseyo m'nyumba munali nyimbo. Mzime ankaimba potsuka mbale, poyanika zovala, popesa tsitsi. Akafika pa nyimbo ya pabenchi, ija mkaziyo amauza sitima kuti ngati yalephera kubweza munthu ibweze chipewa chake chokha, ankatembenuka n'kufunsa, "Ababa, pamenepa bwanji?"

A Makutu ankayang'ana akazi awo mwakabisira. Dzanja likapita kumbuyo kwa khosi ankayankha, "Bwino, mwanangu. Usasinthe kanthu."

Loweruka Anasimbi analisita katatu diresi lobiriwira lija. Anamuveka okha mwana wawo, n'kumuthandiza kubisa kawaya ka maikolofoni m'tsitsi, kamutu kake kali patsaya.

"Usamwe madzi ozizira. Zingwe zili pansizo usaponde, magetsi alibe mbale. Wina akakupatsa switi ukane, lero si tsiku lolandira zinthu kwa anthu."

"Amayi, ndikukaimba, sindikupita kunkhondo."

"N'chimodzimodzi. Ndipo usayang'ane anthu m'maso."

Anazimitsa simbi, anazula pulagi, anabwerera kukaonanso, anamanga duku. Atalowa m'holo anapeza mwadzaza, ena ataimirira m'mbali mwa khoma, fungo la thukuta ndi mafuta odzola lili tho. Asanafike mzere wawo anatsekerezedwa ndi mayi wa matikiti, ndipo pambali pake panali alamu awo, mlongo wa a Makutu, atavala ngati akupita ku ukwati.

"Lero ayi, Anasimbi," anatero mayi wa matikiti. "Mayi wa woimba wamkulu sakhala pakati ngati wongodutsa. Ndakusungirani kutsogolo, inu ndi azakhali ake."

"Ine ndinazolowera panga paja."

"Panu paja ndagulitsa kale. Taonani."

Anayang'ana. Pampando wawo panali bambo wonenepa atakumbatira ambulera.

"Mulamu, musandichititse manyazi," anatero alamu aja. "Zaka zonsezi mwakhala mukununkha sopo wa eni, lero mwana wakukwezani ndiye mukukana? Kapena mukuopa kuti tiona nsabwe zija?"

Anasimbi anacheukira kukansanja. Amuna awo anali atawerama pagome, osayang'ana. Magetsi anayamba kuzirala. Akanati akane, akananena kuti chifukwa n'chiyani? Ndipo mumtima munabwera kaganizo, kaja kamabwera munthu akafuna kale chinthu: kutsogolo ndi pafupi, ndiye kuti ndimva bwino koposa. Duku lidzaonekabe. Tsiku limodzi lokha, komanso ndi mwana wanga. Tsoka silinunkha. Analola kukokedwa padzanja mpaka mzere woyamba, pomwe mawondo awo anatsala pang'ono kugunda siteji.

Nsalu itatseguka anaiwala zonse. Sanaonepo sewero pafupi chonchi. Ankaona ulusi umene anasokera okha m'khwapa mwa malaya a wogulitsa matikiti a sitima, ankaona thukuta pamphuno pa mwamuna wa chipewa, wosewera mbali ya wokwera sitima uja. Ndiye analowa Mzime atanyamula kachikwama, n'kutsegula pakamwa.

Mawu aja, akadali amoyo, anawapeza Anasimbi, kuchokera pakamwa pa mwana kufika m'khutu mwa mayi, osadutsa pagome, osadutsa m'waya. Ankamva ngakhale pokokera mpweya. Kunalinso kasipika kakang'ono kogona pansi pasiteji, koti osewera azidzimvera okha, ndipo kamawu kake kankatayikira mzere woyamba. Masipika aakulu, aja opatsa holo yonse, anali m'mwamba kumbali, akuponya mawu podutsa pamutu pawo. Zimene ankaponyazo iwo sanazimve.

Anaika dzanja kumbuyo kwa khosi. Nyimbo yachiwiri anaikanso. Yachitatu anachita kulisiya pomwepo, chigongono chili m'mwamba, kuti bambo wa mwanayo aone ndithu kuti zinthu zikuyenda.

Kumbuyo kunali zina. Woimba ng'oma, ataona khamu, anali atalemeretsa manja. Matupi mazana atatu anali akumwa mawu ofewa aja, ndipo kuyambira mzere wachinayi kupita kumbuyo anthu ankangoona mtsikana wokongola akutsegula ndi kutseka pakamwa. A Makutu, monga anadzanenera pambuyo pake, analiona duku pamalo olakwika. Anaonanso mitu ikupendekeka, anthu akunong'onezana. Koma timagetsi tinkavina monga poyeserera, ndipo dzanja limene silinawanamizepo zaka zitatu linali kumbuyo kwa khosi. Sanakhudze kanthu.

Anasimbi ankamva kung'ung'udza kumbuyo kwawo, koma ankati ndi anthu akhudzidwa. Inafika nyimbo ya pabenchi. Mzime anakhala pansi, kachikwama pamiyendo, n'kuiyamba motsitsa monga ankachitira potsuka mbale. Alamu anali akupukuta maso. Ali pakati pa mawu aja a chipewa, kumbuyo kwenikweni kunachokera mawu a mwamuna.

"Kwezako, sisi! Tabwera kudzamva, osati kudzawerenga mano!"

Holo inaphulika kuseka. Wina anawonjezera kuti mwina akuimbira mumtima. Mzime anaphethira, anayang'ana anthu m'maso, chinthu chimene anauzidwa kuti asachite, n'kumaliza nyimbo akuthamanga ngati wopsa phazi. Nsalu inatseka, magetsi anayaka, inali nthawi yopuma.

Anasimbi anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. Linali litachita dzanzi.

Anayamba kudzipanikiza m'khamu kulowera kumbuyo, ndipo njira yonse ankadutsa m'kamwa mwa anthu.

"Ng'oma zokha ndiye zatigwedeza matumbo."

"Wa chipewa uja amatha. Uja akati aimbe, umamva kuti pano paimirira munthu."

"Koma mtsikanayo ndiye ngati nsomba ya m'botolo. Yasamu, yasamu, mawu osatuluka."

"Maonekedwe ali nawo, musamunamizire."

"Maonekedwe tikanakaonera pachithunzi kunyumba."

Bambo wina wa magalasi, wooneka wodziwa zinthu, anati vuto ndi masipika, ndi akale. Mkazi wake anamudula. "Nanga mwamunayo tikumumva bwanji? Masipika amasankha? Mwana uja alibe mawu, basi. Mwina ndi wachibale wa abwana."

"Nsomba," anatero mtsikana wina akuuza mnzake amene ankachokera kuchimbudzi. "Tamupatsa dzina, ndi Nsomba."

Alamu, amene ankawatsatira m'mbuyo, anayamba kukangana ndi anthu kuti ife kutsogolo tamva zonse, makutu anu ndiwo ali ndi phula. Anasimbi sanaime. Mawu aja akuti "ife kutsogolo" anawalowa ngati singano. Apa ndiye pali khutu la holo. Osasuntha.

Atafika pakansanja anapeza mkulu wa sewero ali kale pomwepo, akulankhula mofulumira, nkhope atayang'anitsa pagome. A Makutu sankaona milomo yake, ndiye ankangogwedeza mutu n'kumati, "Inde, bwana. Inde." Anasimbi sakanalankhula pamaso pa mkuluyo. Anaima m'munsi mwa masitepe, n'kugwira khutu lamanja, kulisiya, kuligwiranso, kulikoka mpaka kuwawa. Amuna awo anawaona. Nkhope yawo inagwa ngati ya munthu wouzidwa maliro.

Mkulu wa sewero anatsika n'kuthamangira kuseri kwa siteji. Anasimbi anafuna kumutsatira kuti akauze mwana wawo kuti vuto si iye, asasinthe kanthu, koma kanjira kanali katadzaza anthu obwerera m'mipando, ndipo belu linalira. Sanadziwe kuti mkuluyo wakamuuza Mzime mawu atatu okha: "Kuwa, mwana iwe."

Kutsogolo sanabwerereko. Anakaima m'kanjira pa mzere wa khumi ndi chiwiri, pambali pa bambo wa ambulera.

"Mayi, simuli galasi. Khalani pansi," anatero wina kumbuyo.

Ananyonyomala pasitepe. Magetsi atazima, mwana asanalowe n'komwe, dzanja lawo linali kale pakhutu lamanja. Mantha ndi mlangizi woipa. A Makutu anakankha kabatani ka mwana wawo mpaka kumapeto, n'kutsitsa zoimbira.

Mzime analowa atakunga khosi, mitsempha ili poyera, n'kukuwa ndi mphamvu zonse zimene anali nazo. Mawu amene anatuluka m'masipika sanali ake. Anali ngati lata likung'ambidwa padenga. Anthu anadzidzimuka, ena anabwerera m'mbuyo m'mipando. Ndiye monga mwa sewero anagwada pafupi ndi njanji, pomwe panali kasipika kogona pansi kaja, ndipo maikolofoni ya patsaya itayandikira kasipikako panabuka mluzu woboola m'mutu, wosaleka. Makanda analira. Anthu anatseka makutu.

Anasimbi anakoka nsonga ya duku. Mluzu sunaleke. Anakokanso ndi mphamvu, duku n'kumasuka lonse kutsalira m'manja, ndipo mumdima muja mutu wawo unangokhala mutu ngati mitu ina yonse. Mluzu wotero a Makutu sakanaumva ngakhale ukanalirira paphewa pawo. Maso awo anali m'holo akusaka kansalu koyera, pamene pansi pa zala zawo timagetsi tonse tinali titafiira. Pomwe anawerama kuyang'ana pagome n'kubweza kabatani, munthu akanatha kuwerenga mpaka makumi awiri.

Kunakhala zii. Mzime anali chigwadire, manja ali kumakutu. Anayesa kupitiriza, mawu anasweka pakati ngati a tambala wophunzira kulira.

"Bola muja anali nsomba," anatero munthu wina, osakweza n'komwe, koma holo yonse inamva.

Zotsalazo n'zosafunika kuzikamba motalika. Sewero linatha chifukwa masewero amatha. Mzime anaimba nyimbo zotsalazo ndi kamawu konjenjemera, ndipo tsopano mawu ankamveka bwinobwino, Anasimbi atamanganso duku ndipo zizindikiro zikuyenda, koma panalibenso womvetsera. Ena ankacheza, ena ankasewera ndi mafoni, mizere iwiri ya kumbuyo inatuluka. Pogwadira anthu pamapeto, wa chipewa anamuombera m'manja mpaka kuimirira. Atabwera Mzime manja anali owerengeka, ndipo kwinakwake anyamata ankatsegula ndi kutseka milomo mokweza, pa, pa, pa.

Mkulu wa sewero anaima pakhomo monga ananenera. Anamva zonse zimene Anasimbi anamva, ndi zina.

Dzuwa lisanalowe onse anayi anali m'kachipinda kositira. Mzime anali atavula diresi n'kulipachika yekha, atakhala pa dengu la zochapa.

"Sindichulutsa," anatero mkulu wa sewero. "Mawa aimba Lipenga, ndipo apitiriza ndi iyeyo. Iwe ukhoza kubwerera m'gulu."

Anasimbi anayang'ana amuna awo n'kubwereza mawuwo ndi milomo yokha. A Makutu anavula chipewa.

"Bwana, mwanayu sanalakwe. Ndalakwa ndine. Ine sindimva. Zaka zisanu tsopano. Mawu a akazi sindiwamva n'komwe. Amene amamva ndi mayi akewa, ine ndimangokankha."

"Ayi, bwana, ndine," anatero Anasimbi. "Anandiuza kuti ndisasunthe. Ndinakakhala kutsogolo."

Mkuluyo anapumira m'mwamba, n'kutsamira pathabwa lositira.

"Mukuganiza kuti ndine mwana? Duku loyera lija ndaliona zaka zitatu. Nsabwe zanji zoyabwa nyimbo ikayamba? Ndinangoti poti zikuyenda, ndisakande pomwe sipakuyabwa. Koma lero zaoneka, ndipo eni holo amva kale. Mawa pagome pakhala munthu wina, achimwene. Ndilibe pothawira."

"Zimenezo ndavomera," anatero a Makutu atawerenga nkhope yake. "Koma mwanayu mumupatse tsiku lina. Munthu wakumva akhale pagome, mudzaone."

"Kuti amaimba ndikudziwa. Ndinamumva poyeserera, n'chifukwa chake ndinamusankha. Koma anthu mazana atatu atuluka muno ndi dzina pakamwa. Pofika mawa msika wonse ukhala ukulidziwa. Ndikamuikanso, abwera kudzaona nsomba, ndipo asanatsegule pakamwa ayamba kale kuseka. Ndidzaima pasiteji n'kumafotokoza za mpando wa mzere wa khumi ndi chiwiri? Madzi akatayika sawoleka, mayi."

Anatuluka. M'kachipindamo munatsala fungo la sopo ndi nsalu zopsa.

Mzime anadzuka n'kukaima patsogolo pa bambo ake, pafupi, monga anaonera mayi ake akuchita zaka zonsezi osadziwa chifukwa chake.

"Ababa, ndiye sabata yonseyi, muja mumati bwino mwanangu, simumandimva?"

"Ayi."

"Munandimvapo liti?"

A Makutu anaganiza. "Uli kusukulu. Tsiku lotsekera, unavala malaya achikasu. Unaimba bwino."

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

"Eya."

Mzime sanakuwe, sanalire. Anatenga chikwama chake n'kutsogola. Podutsa pasitolo ya matayala, amuna awiri amene ankapopa tayala anasiya, mmodzi n'kutsegula pakamwa kawiri mwakachetechete. Uthenga unali utawoloka kale msewu.

Lamlungu Anasimbi anapita okha kuntchito, poti zovala za eni sizidziwa kuti kwanu kwagwanji. Diresi lobiriwira linali lalifupi kwa Lipenga, ndiye anasasula mpendero n'kuutsitsa zala zitatu. Mzere wa mpendero wakale unakana kufufutika. Anamasula duku loyera m'chikwama, analinyowetsa, analiyala pamwamba pa diresi n'kupondereza simbi mpaka nthunzi kuwalowa m'maso. Mzerewo unazirala koma sunathe.

Sewero litayamba sanalowe m'holo. Anakhala pa dengu la zochapa, akumvera kukhoma. Munthu watsopano uja anakweza ng'oma mopitiriza, ndipo kawiri konse dzanja lawo linanyamuka lokha kupita kukhutu lamanzere. Lipenga anaikuwa nyimbo ya pabenchi ngati akuitana basi, mawu a chipewa aja n'kuwameza. Anthu anaomba m'manja mpaka thabwa lositira kunjenjemera. Potuluka, kudzera pakhomo la kuseri, anamva mayi wina akuti, "Awa ndiye mawu. Osati zadzulo, akuti kunali nsomba."

"Munaliko?" anafunsa mnzake.

"Ayi, koma ndamva."

Mzime m'gulu sanabwereremo. Lolemba sanaoneke kuholo, Lachiwiri chimodzimodzi, ndipo mkulu wa sewero sanatume munthu. A Makutu ankakhala pampando wa pakhomo la khitchini kuyambira m'mawa, zala zili pamawondo, zikukankha timabatani tomwe panalibe.

Lachitatu masana Anasimbi anabwera kuchokera kuntchito n'kupeza mwana wawo ali pasinki akutsuka mbale, atawafulatira onse. Madzi ankatsika, mbale zinkagundana. Kupatula apo m'nyumba munalibe mawu ena alionse. Mapewa a mtsikanayo ankakwera ndi kutsika pang'onopang'ono.

A Makutu anawayang'ana mapewa aja nthawi yaitali. Kenako anakodola akazi awo, n'kufunsa monong'ona, kunong'ona kwa munthu wosadzimva, komwe kumamveka mpaka panja.

"Mayi, wayambanso kuimba?"

Mbale zinaleka kugundana. Mzime sanacheuke.

Anasimbi anayang'ana msana wa mwana wawo, anayang'ana nkhope ya amuna awo imene inkadikira. Anakweza dzanja n'kuliika kumbuyo kwa khosi.